Chitseko Chotsekera Kunja

1

Dzina langa ndine Elube, kwathu ndi kufupi ndi Mponela ku Dowa, ndipo mwamuna amene ndinabereka naye mwana kuno ku Pretoria poyamba ndinkamutcha alamu. Musatukule nsidze, owerenga. Sindinalande mwamuna wa mkulu wanga ayi. Anachita kundipatsa, pamaso pa abale, dzuwa likuswa mtengo.

Achemwali anga a Jessie anakwatiwa ndi a Kondanani, ogwira ntchito ya m'gadeni ku Joni. Powatsatira kumeneko anasiya mwana wawo Sofia m'manja mwa Amayi, akadali kamwana kophunzira kumene kuyankhula. Patapita nthawi kunabwera foni ya a Kondanani akulira: Jessie wamwalira kuchipatala, ndipo poti analibe mapepala, mtembo sungadutse pa boda, aboma aika okha. Chimene chinafika kumudzi ndi sutukesi ya zovala basi.

Tinalira mpaka mawu kusasa. Akuluakulu anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'chitenje cha malemu, tinakaika kumanda monga mwa mwambo. Kenako tinameta.

Tsitsi lathu lisanamere bwino, atsibweni anandiitana pakhonde.

"Elube, mkamwini uja ndi munthu wabwino. Watifolera nyumba ndi malata, Sofia akumusamala. Munthu wotere sitingamutaye. Upite ukadzutse nyumba ya mkulu wako."

Ndinayang'ana Amayi kuti mwina andilanditsa. Iwo anali kalikiliki kutola timiyala mu nyemba.

"Mwana wa mkulu wako ndi wako yemwe," anatero osadzutsa mutu.

Kwathu amati chidzutsanyumba: mkazi akamwalira, mng'ono wake amalowa m'malo. Ndani amafunsa nkhuku ngati ikufuna kuperekedwa kwa mlendo? Ndinakwera basi ya ku Joni ndi sutukesi yomwe ija inabweretsa zovala za malemu.

2

Nyumbayo ili ku Brooklyn, dera la olemera mu Pretoria, kumene misewu imakhala zii, okulonjera ndi agalu okha. Ndi nyumba yakalekale: denga lofiira, khonde lalitali, pansi pamatabwa olira ukamapondapo. Mpanda wake ndi wautali, pamwamba pali mawaya amagetsi. Kuseri, kupitirira chingwe choyanikapo zovala, kuli kachipinda ka antchito ka zenera limodzi lazitsulo. M'menemo ndi mmene ndinadzutsira nyumba.

Tsiku lomwe ndinafika a Kondanani anatenga pasipoti yanga, ati ingatayike. Masiku anga ololedwa kukhala m'dzikoli atatha, anayamba kundisimbira za apolisi a m'tauni amene amati amanunkhiza Mmalawi akadali patali. Anandichenjezanso za amayi ogwira ntchito m'nyumba za mumsewu wathu.

"Amiseche amenewo, anamuzunza mkulu wako. Akakupatsa moni uziyang'ana pansi."

Rimoti ya geti inkakhala m'thumba la ovolosi yawo. Akamapita kokacheza Lamlungu ankanditsekera m'chipinda ndi loko, ati kuopa akuba. Chitsulo chokolowekapo lokoyo chinali kunja kwa chitseko. M'kati munalibe ngakhale kamsomali kopinda.

Kodi ndinkadandaula? Kwambiri, koma cha mumtima. Ndikaimba kumudzi pa foni yawo, eni ake ali chilili pambali panga, Amayi ankangoti, "Banja ndi kupirira." Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo a Kondanani anali atakhala pa malata a nyumba yathu.

Ndikafunsa za manda a malemu kuti ndikaoneko, nkhope inkachita mdima.

"Aboma saika chizindikiro. Ukufuna kundidzutsira chisoni?"

Ndikafunsa za makina osokera amene achemwali anapita nawo ku Joni, ankati anagulitsa pa nthawi ya matenda.

Nditabereka mwana wamkazi, Amayi anatumiza dzina kuchokera kumudzi: Jessie, kuti dzina la malemu lisafe. Ndinalira ndi chimwemwe. Ndinkati mkulu wanga wandibwerera.

3

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwini nyumba, nkhalamba yachizungu yogontha imene inkangodziwa mpando wake ndi galu wake, anapita nayo kosungira okalamba, nyumba n'kugulitsidwa. Ife tinagulidwira limodzi ndi mitengo ya jakaranda.

Madamu watsopano anali dokotala, mayi wachikuda wokulira kukomboni ya Mamelodi, woyenda mwachangu ngati akuthawa mvula. Anandilemba ntchito ya m'nyumba. Chidwi chake pa nyumbayo chinali chodabwitsa. Ankagogoda makoma, kusuzumira kudenga, ngakhale kupala penti kuti aone mtundu umene unali pansi pake.

Tsiku lina anabwera mpaka kuseri, ine ndikuyanika matewera.

"Elube, agogo anga anagwira ntchito m'nyumba ngati ino moyo wawo wonse," anatero m'Chingerezi chake chofulumira. "Za azungu amene anakhala kutsogoloku ndazipeza kale. Ine ndikufuna za kuno kuseri. Ndani anagona m'kachipinda aka? Zimenezo palibe anazilemba, zili m'kamwa mwa anthu."

Kenako maso ake anagwera pa chitsulo cha loko chija. Anachigwira, n'kupukusa mutu.

"Taona! Kale ankatsekera anthu kunja ngati mbuzi."

A Kondanani anali pafupi, akudulira maluwa.

"Yebo madamu, zakale kwambiri zimenezo," anavomereza, mano onse panja.

Lamlungu lapitalo mbuziyo ndinali ine.

"Lachinayi masana amayi a mumsewu uno amapuma," madamu anapitiriza. "Upite ukandifunsire kwa amene wakhalitsa kuposa onse."

"Ndikafunsa ine, madamu," a Kondanani anathamangira.

"Ayi. Mayi amamasuka kwa mayi mnzake."

Madzulo ake anandigwira pamkono, n'kufinya mpaka zala zinadinda.

"Ukamve za azungu, ubwereko. Za malemu usatchule. Wamva?"

"Ndamva, bambo a Jessie."

4

Wokhalitsa kuposa onse anali Amayi a Naison. Anabadwira ku migodi ya ku Zimbabwe, bambo awo anali a ku Ntcheu, ndipo Chichewa chawo chinkatsimphina mwendo umodzi. Ndinawapeza atakhala pa kapinga m'mbali mwa msewu, akuluka chipewa chaubweya, maluwa a jakaranda akuwagwera pa duku.

"Lero kwagwanji? Mkazi wa Kondanani ali ndi pakamwa?" anandiseka. "Khala pansi, mwanangu."

Nditawauza zimene madamu akufuna, anayamba kufukula ngati akukumba mbatata. Anandiuza za Mma Dikeledi amene ankabisa mwana wake kunsi kwa bedi chifukwa lamulo la nthawiyo silinkalola ana a antchito kugona kwa azungu. Anandiuza za belu limene waya wake unkachokera kuchipinda kwa mzungu mpaka pamutu pa wantchito. Anandiuza za khukhi wina amene anakalambira momwemo mpaka maso anachita khungu. Zina anaziona okha, zina anamva kwa amene anawapeza.

"Kenako anabwera amuna akowo," anatero, n'kukhosomola pang'ono.

Nthawi yomweyo mwana anadzuka kumbuyo. Ndinamutembenuzira kutsogolo kuti ayamwe.

"Kokongola! Dzina ndani?"

"Jessie."

"Maiwe!" Anaomba m'manja kamodzi. "Bamboyu alibe manyazi shuwa. Kutcha mwana dzina la mkazi amene anamuthawa?"

"Amene anamwalira," ndinawakonza mofatsa, chenjezo lonse lija nditaliiwala. "Malemuwo anali achemwali anga, bere limodzi."

Zolukira zinagwera pa kapinga. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wati chiyani?"

"Tinaika kumudzi. Ine ndinabwera kudzadzutsa nyumba."

"Mwanangu, ine ndi maso angawa ndinamuona Jessie akutuluka pa geti ija ndi miyendo yake. Diso lotupa, akuyenda chopindika, makina ake osokera atawakumbatira ngati mwana. Akufa sanyamula makina."

M'makutu mwanga munayamba kulira ngati mwalowa udzudzu.

"Mwina anamwalira pambuyo pake," ndinatero.

"Mwina," anayankha, koma nkhope yawo inkakana. "Ife tinkangoti watenga mkazi wina kumudzi. Iye uja wamtali woyera, iwe wamfupi wakuda, tikanadziwa bwanji? Nawenso moni wathu unkaupondaponda. Funsa a Grain. Ndi amene anamunyamula pa galimoto."

Ndinabwerera kunyumba. Pa geti a Kondanani anali akudikira ndi rimoti.

"Wamva zotani?"

"Za belu," ndinatero. "Ndi za khukhi wakhungu."

5

A Grain sindinachite kuwasaka. Anali bambo wachikulire wa ku Thyolo, wokonza chilichonse mumsewu wathu, mipope, madenga, zitseko, ndipo madamu anawaitana kudzapala penti wakale m'khonde. Ndinadikira mpaka a Kondanani ataliza makina otchetchera kapinga, ndiye ndinawatengera tiyi.

"Abambo, ine ndine mng'ono wake wa Jessie."

Chopalira chinaima. Sanatembenuke.

"Eish," anatero pansipansi. "Ndinkadziwa kuti tsikuli lidzafika, koma sindinkadziwa kuti lidzabwera ndi tiyi."

"Madamu akuti chitsulo cha pachitseko changa ndi cha nthawi ya tsankho."

"Tsankho lanji? Ndinakhoma ndine, ndi manja awa. Amuna akowo anandiuza kuti m'menemo muzisungidwa zida za m'gadeni. Ine n'kukhoma bwinobwino, mwaluso, kuti wakuba asathyole."

Anaika kapu pansi osamwako.

"Tsiku lina ndinabwera kudzakonza mpope. Amuna akowo kunalibe. Ndinamva munthu akubuula m'kati. Ndinamasula zomangira zanga zomwe zija. Mwana wanga, zimene ndinaona sindingakuuze uli ndi mwana kumbuyo. Anali woyembekezera, ndipo anapita padera chifukwa cha zibakera. Ndinathamangira naye kuchipatala. Makina okha anakana kuwasiya."

"Anachira?"

Makina a kapinga anatembenukira chakuno. Tonse tinakhala chete mpaka phokoso linapitanso kutali.

"Ndinalonjeza kuti sindidzauza munthu kumene ali."

Ndiye kuti ali moyo. Sindikudziwa ngati chimene chinandigwira chinali chimwemwe kapena mantha, poti zonse zinafika limodzi. Ngati achemwali ali moyo, ine ndine ndani m'kachipinda kaja?

"Abambo, kumudzi tinaika thunthu la nthochi. Mwana wawo amasesa pamanda. Mwezi wamawa akumanga chiliza, simenti atumiza kale a Kondanani."

A Grain anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati ngati muli yankho.

"Chiliza? Cha munthu wodya ndi kumwa?" Anapumira m'mwamba. "Pretoria North. Ukatsika tekisi ufunse butchala ya Mpwitikizi. Kuseri kwake kuli telala. Usakafunse Jessie, dzina limenelo kulibe amalidziwa. Ukafunse Mma Sofia."

Mayi wa Sofia. Ndinathawira kukhitchini, n'kutsegula mpope kuti kulira kwanga kusamveke.

6

Tsiku lokha limene geti inkanditsegukira popanda mafunso linali la sikelo ya mwana. Litafika ndinabereka Jessie wanga, khadi la sikelo m'manja, koma pamphambano ndinakhotera kwina.

Aka kanali koyamba kukwera tekisi ndekha. M'tauni anthu anali piringupiringu, ogulitsa akukuwa, madalaivala akuliza mahutala ngati pali ukwati. Wapolisi aliyense ndinkaona ngati akuyang'ana ine. Mayi wina wogulitsa nthochi anandilozera pokwerera za kumpoto, ndipo nditaona nthochizo mtima unandipweteka.

Butchala ndinaipeza. Ndisanazungulire kuseri ndinamva kale kulira kwa makina, ndipo ndinawazindikira. Makina amenewo ankadumpha pang'ono akamathamanga, ngati munthu wachidwikwi. Ndinakulira pa phokoso limenelo.

Chitseko chinali chotsegula. Munthu anakhala chofulatira, khosi lalitali, phewa lakumanja lotsika monga kale.

"Achemwali."

Makina anaima. Sanacheuke msanga. Atacheuka ndinaona mpata uja wa m'mano, ndi chipsera chatsopano pamwamba pa diso.

"Elube."

Inu owerenga, mumaganiza kuti tinakumbatirana? Ine ndinabwerera m'mbuyo. Thupi langa linali litalira maliro a munthu ameneyu, linali litameta, ndipo linakana kumukhudza. Anachita kutambasula dzanja okha.

"Gwira. Ndine wofunda."

Ndinagwira. Kenako tinagwera pansi tonse pa zidutswa za nsalu, kulira ngati pasiwa. Mwana kumbuyo anadzidzimuka n'kuyamba kulira nawo. Achemwali anamumasula, anamuika pamiyendo, n'kumupukuta misozi ndi chala.

"Mphuno ndi ya bambo ake," anatero. "Dzina ndani?"

Ndinayankha motsitsa mawu.

"Jessie."

Anaseka. Kuseka kumeneko sindidzakuiwala, kunalibe chimwemwe ngakhale pang'ono.

"Anatcha ndani?"

"Amayi."

"Amayi," anabwereza, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

7

Mkwiyo unandipeza mochedwa, koma unafika ndi mphamvu.

"Bwanji simunaimbe foni? Tinalira, achemwali! Sofia akukula akudziwa kuti ndi wamasiye. Ine anandipereka kwa munthu amene anakupwetekani, inu muli pompano, mukusoka madiresi!"

Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Ndinaimba," anatero.

"Liti?"

"Nditatuluka m'chipatala ndinalibe foni, ndinalibe pasipoti, manambala onse anatsala kwa iye. Komanso manyazi, Elube. Ndinkati ndiyambe ndaima pandekha ndisanauze Amayi kuti banja latha. Miyezi inapita. Tsiku lina m'tauni ndinakumana ndi munthu wa kwathu wonyamula katundu wa ku Malawi. Atandiona anataya chikwama n'kuthawa. Ndinachita kumuthamangira. Ndi amene anandiuza kuti ndinafa, ndipo ndi amene anandipezera nambala."

"Ndiye munalankhula ndi ndani?"

"Ndi Amayi."

Ndinapukusa mutu. Ndinkafuna kutseka makutu.

"Poyamba anakuwa. Kenako analira, n'kundifunsa dzina la agogo athu, ndi chipsera cha pabondo langa. Pomaliza anakhulupirira kuti ndine. Ndiye anati, 'Jessie, ife tinameta kale.'"

"Ayi."

"Anati mudzi wonse unadya maliro ako, ampingo anaimba, amfumu analankhula. Ukatulukira lero anthu sadzanena kuti mkamwini ananama. Adzati ine mayi wako ndinakupha m'matsenga, ndinakusandutsa ndondocha kuti ndipeze nyumba ya malata, ndiye mankhwala asuluka. Adzandiotchera nyumba. Komanso mng'ono wako ali kale kumeneko, ndi woyembekezera. Ukufuna ana anga awiri akhale mitala ya mwamuna mmodzi? Khala komweko, mwana wanga. Sofia ndikulerera."

Ndinayang'ana mwana wanga pamiyendo pawo. Foni imeneyo inaimbidwa iye ali m'mimba. Ndiye kuti potumiza dzina lija, kuti la malemu lisafe, Amayi ankadziwa kuti mwini dzina ali moyo. Ndiye kuti nthawi zonse zimene ankandiuza kuti banja ndi kupirira, ankadziwa chimene chinachotsa mkulu wanga m'banjamo.

"Ndinabwerako kamodzi ku Brooklyn," achemwali anapitiriza, maso ali pansi. "Ndinakuona kudzera m'zitsulo za geti ukusesa maluwa, mimba ili apo. Ndinaima kutsidya kwa msewu, osawoloka. Ndinabwerera. Pa chimenecho undikhululukire."

"Sindibwererakonso," ndinatero. "Ndikhala konkuno."

"Khala. Mphasa ilipo. Koma ganiza bwino. Ukasowa, iye uja adzatani? Amadziwa njira imodzi yokha yobisira manyazi ake. Adzalira pa foni, adzatumiza sutukesi." Anandiyang'ana m'maso. "Kumudzi kwatsala Anifa."

Anifa ndi chitsiriza wathu, wangomaliza kumene sukulu. Tsiku limenelo ndinakweranso tekisi, ndinabwerera ku Brooklyn ndi miyendo yanga, ndipo Lamlungu lotsatira ndinamva loko akulira kunja kwa chitseko monga mwa nthawi zonse.

8

Masabata amenewo ndinakhala ngati munthu wosunga khala lamoto m'kamwa. Ndinkaphika, kuchapa, kuyankha kuti "ndamva". Kuthawa kunali kupereka Anifa. Kukhala kunali kudikira tsiku langa la zibakera. Kuulula kunali kuyatsa nyumba ya mayi wondibala. Njira zonse zinali ndi loko.

Tsiku lina ndikulankhula ndi a kumudzi, a Kondanani ali pambali, Sofia analanda foni.

"Amayi aang'ono, chiliza chatha! Alemba dzina la amayi bwinobwino, ndawerenga ndekha. Ndizikathirira maluwa."

Pamenepo ndinasankha. Ndinapempha Anifa kuti pa tsiku lotsegulira chiliza adzayatse vidiyo pa foni, kuti nanenso ndidzaone. A Kondanani anavomera ndi mutu. Nambala ya Anifa ndinailoweza pamtima.

Tsikulo linafika, Loweruka m'mawa. A Kondanani anali kuseri akuthirira. Ndinabereka mwana, n'kupita kwa madamu pakhonde.

"Madamu, munditsegulire geti."

"Ukupita kuti? Paja za kachipinda kaja sunandimalizire."

"Chitsulo chija si chakale, madamu. Anakhoma a Grain, ndipo chikugwirabe ntchito."

Anandiyang'ana, anayang'ana mkono wanga, n'kuyang'ana kuseri. Sanafunsenso. Anadina rimoti yake.

Ku Pretoria North tinakhala pa benchi ya makasitomala, mapewa atagundana, foni ya achemwali ili m'manja mwanga. Anifa anayankha. Ndinaona mitengo ya kumanda kwathu, amayi a mvano akuimba atavala zoyera, atsibweni ndi jekete yawo ya maliro. Ndinaona chiliza chatsopano chonyezimira, ndi Amayi atakhala pamphasa patsogolo pake.

"Anifa, kweza mawu a foni, uitembenuzire kwa anthu."

Ndinasendeza foni kuti nkhope zathu zonse ziwiri zilowe.

"Ndine Jessie," achemwali anatero. "Sindinafe. Palibe anandilodza. Ndinathawa nkhonya za mwamuna, iye n'kunama kuti ndafa. M'mandamo muli thunthu la nthochi."

Nyimbo inadukira pakati. Wina anakuwa. Ndinaona miyendo ya anthu ikuthawa, mipando ikugwa, foni n'kugwera m'fumbi, kumangoonetsa thambo. Chapatali ndinamva mawu a Amayi, osati olira, koma obwereza chinthu chimodzi: "Ana inu, mwandipha. Ana inu, mwandipha."

Kenako thambo linagwedezeka. Wina anatola foni, n'kupukuta galasi ndi chala. Inatulukira nkhope ya mtsikana wa khosi lalitali, mpata m'mano, maluwa a pamanda akadali m'dzanja lina.

Sofia anandiyang'ana ine, n'kumwetulira mwamantha. Kenako anayang'ana pambali panga.

"Amayi aang'ono," anatero, "mayi ali nanuwo ndi ndani?"

9

Pano ndikukhala kuseri kwa butchala, ndikuphunzira kupinda mipendero. Pasipoti yanga ikadali kumene inabisidwa. A Kondanani ntchito inawathera, ndipo ndikumva kuti amafunsa za ine m'malo okwerera tekisi, choncho sindiyenda patali. Nyumba ya Amayi sinaotchedwe, koma kumjigo akafika anthu amanyamula ndowa zawo. Foni yanga Amayi sayankha. Anifa yekha ndi amene amaimba, ndipo sutukesi ina sidzapitanso kumudzi kwathu.

Madamu anabwera kudzandiona. Akuti mbiri ya nyumba yake yatha, ndipo mayina a onse amene anagona m'kachipinda kaja awapachika m'khonde: Mma Dikeledi, khukhi wakhungu, ndi ena. Anafunsa ngati angaikepo athu. Achemwali anati dzina lawo lalembedwa kale pamwala wina, n'kokwanira.

Inu owerenga, makamaka inu amene muli ndi ana ku Joni: ikabwera sutukesi, funsani mtembo. Musathamangire lumo. Ndipo inu amayi anzanga, mwana wanu akakuimbirani ali moyo, kaya mudzi unena chiyani, muyankheni ngati wamoyo. Ine Amayi ndimawakondabe, ndipo ndimawakwiyirabe, ndipo sindikudziwa ngati ndinachita bwino kuwavula pagulu. Weruzani nokha, poti inu muli kunja kwa chitseko.

Sofia amalankhula nafe Lamlungu lililonse. Ine amanditcha amayi aang'ono. Achemwali amawatcha "inu". Anifa wandiuza kuti mwanayo amapitabe kumanda ndi kachitini ka madzi, ati maluwa sanalakwe.

M'chipinda chino ndikaitana kuti "Jessie", amacheuka ndi mwana yekha.